Chigayo changa pa Mponela: buku la ndalama ndi inshuwalansi kuchokera tsiku limene mota inapsa

Ndili ndi chigayo chamagetsi pa Mponela, m'boma la Dowa. Muli makina awiri, chogayira cha mahamala ndi chokonolera, chilichonse ndi mota yakeyake, ndipo ndimagwira ntchito ndi anyamata awiri. Ndinachitsegula mu 2021. Zimene zili pansipa ndazichotsa m'kope limene ndakhala ndikulembamo kuchokera pamene ndinaganiza zokonza kayendetsedwe ka ndalama za chigayochi kuti makina akawonongeka ndisamathamangirenso kwa akatapila. Ndalama zonse ndazilemba monga ndinalipirira nthawi imeneyo.

15 Novembala 2023: mota yapsa

Magetsi anabwera cha m'ma 10 koloko m'mawa fezi imodzi (umodzi mwa mawaya atatu obweretsa magetsi ku mota) itasowa. Mnyamata wanga sanadziwe, anayatsa chogayira. Mota inangolira osazungulira bwino, kenako fungo la mawaya opsa linadzaza nyumba yonse. Amayi amene anali pamzere anasenza ndowa zawo n'kupita ku chigayo china cha kumsika.

Zinachitika pa nthawi yoipa. Pa 9 Novembala kwacha inali itangogwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Mmisiri wowayinda mota ku Lilongwe, amene kale ankandiuza mtengo pafoni osaganiza kawiri, ulendo uno anati ndidikire akafunse kaye mtengo wa waya wa kopa. Madzulo anandiuza K780,000, galimoto yonyamula mota kupita ndi kubwerera K60,000 padera.

M'nyumba ndi pafoni ndinapeza K390,000 yokha. Yotsalayo, K450,000, ndinakatenga kwa munthu wa katapila, kuti pakutha mwezi ndibweze K675,000. Chigayo chinakhala chotseka masiku 12.

20 Disembala 2023: kubweza katapila, kugula kope

Ndabweza ngongole ija. Zapita nkhumba ziwiri ndi matumba asanu a chimanga amene tinasungira chakudya cha Febuluwale. Mayi a kunyumba sanalankhule zambiri, anangondifunsa kuti, "Bambo, chigayochi chagaya zaka ziwiri, ndalama zake zili kuti?" Ndinalibe choyankha, chifukwa sindinkadziwa.

Ndagula kope lachikuto cholimba K2,500, ndi simu yatsopano ya Airtel Money yoti izikhala ya chigayo basi. Tsamba lililonse ndi tsiku limodzi. Kumanzere ndikulemba ndowa zogaya ndi zokonola, kumanja zonse zotuluka, ngakhale K200 ya mandasi a anyamata. Mtengo panopa ndi K800 kugaya ndowa imodzi, K1,000 kukonola.

13 Januwale 2024: zimene kope laulula

Pano ndikhalitsapo, chifukwa masabata atatu okha andionetsa zambiri kuposa zaka ziwiri zonse.

Choyamba ndi madeya. Anthu ambiri akakonoletsa amasiya madeya, ndipo ine sindinkawawerengera ngati ndalama. Anyamata ankagulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku, ndalama n'kumagawana, nthawi zina n'kundipatsako pang'ono. Sindikuwanena kuti ankaba, popeza ineyo sindinawauzepo kuti madeya ndi a chigayo. Titayamba kuthira m'matumba ndi kuwerenga, tapeza matumba 9 m'masabata atatu, ndipo ino ndi nthawi imene anthu okonoletsa ndi ochepa. Tagwirizana kuti madeya azilembedwa, iwo azilandira thumba limodzi pa matumba asanu alionse.

Chachiwiri ndi kugaya kwa ngongole ndi kwaulere. Achemwali, alamu, azakhali, a kumpingo, aliyense ndowa imodzi kapena ziwiri. Ndinkaona ngati n'zazing'ono. M'kope zakwana ndowa 47. Sindingathe kuwabweza azakhali anga ndi chimanga pamutu, choncho ndaika malire: nyumba zinayi zimene ndazilemba mayina zizigaya ulere ndowa ziwiri pamwezi, ena onse azilipira.

Chachitatu ndi ine mwini. Madzulo alionse ndinkatenga m'kabokosi ndalama ya ndiwo, ya sopo, ya mayunitsi a foni, ya kabaza. Kuphatikiza zonse zinkapitirira K200,000 pamwezi. Tsopano ndadziikira malipiro, K150,000 pamwezi, ndimatenga kawiri, pa 15 ndi pa 30. Sabata yoyamba zinandivuta kwambiri kudutsa pa kabokosi muli ndalama kunyumba kulibe mafuta ophikira.

Ndayambanso thumba la makina. Pa ndowa iliyonse yolipiridwa, K100 ikupita pa simu ija madzulo omwewo, ndipo siikhudzidwa pokhapokha makina atawonongeka. Masefa, malamba ndi girizi sizichokera m'thumbali, zimenezo ndi zogula za mwezi ndi mwezi.

2 Febuluwale 2024: mapepala

Ndinafuna akaunti ya kubanki ya dzina la chigayo, ndipo anandiuza kuti ndiyambe ndalembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General, ndikhalenso ndi TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA. Ndinataya ulendo umodzi wa ku Lilongwe chifukwa pa fomu ndinalemba dzina limene anthu amandidziwa nalo, pamene pa chiphaso cha unzika pali dzina lina lapakati. Lembani chilembo ndi chilembo monga zilili pa chiphasocho.

Ku MRA anandifotokozera kuti bizinesi imene ndalama zake zonse zolowa pachaka sizipitirira K12.5 miliyoni imalipira msonkho umene amautcha presumptive tax, osati kuwerengera phindu monga makampani akuluakulu. Kope lija linathandiza, chifukwa atandifunsa kuti ndimapeza zingati ndinangotsegula masamba. Maulendo awiri, mafotokope ndi zolipira zonse zinandidyera cha pa K70,000. Laisensi ya kukhonsolo ndinali nayo kale.

Ndinafunsanso za ngongole ya kubanki yogulira mota yapadera. Mwezi womwewu Reserve Bank yakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaikanso chawo pamwamba. Ndinawerengera n'kuona kuti chigayo sichingakwanitse m'miyezi ya njala. Ndasiya ganizo limenelo.

24 Febuluwale 2024: kufunsa mitengo ya inshuwalansi

Kale ndinkadziwa inshuwalansi ya galimoto yokha, ija yokakamiza imene apolisi amafunsa pamsewu. Sindinkadziwa kuti makampani omwewo, monga NICO General, General Alliance, Reunion, Britam ndi ena, amatetezanso nyumba za bizinesi, katundu ndi makina. Ndinafunsa m'makampani atatu. Sinditchula imene ndinasankha.

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti inshuwalansi ya moto siikanandilipira pa mota ija ya Novembala. Mota ikapsa yokha m'kati chifukwa cha magetsi, popanda moto woyaka n'kufalikira, iwo saitenga ngati ngozi ya moto. Imeneyo imagwera pa inshuwalansi ina, ya kuwonongeka kwa makina, imene amaitcha machinery breakdown. Ya akuba nayonso ndi yapadera, ndipo imalipira ngati akubawo athyola kapena kuboola, osati katundu kungosowa chitseko chili chokiya bwinobwino. Ndikanapanda kufunsa mwachindunji kuti "mota ikapsa ngati mmene inapsera muja, mulipira?", ndikanagula ya moto yokha n'kumagona tulo.

Palinso chimene amachitcha excess, gawo la chiwonongeko limene mwini wake amalipira yekha nthawi iliyonse. Kwa ine anati 10 peresenti. Malamba, masefa, mahamala ndi mabering'i otha ndi ntchito salipira.

Munthu amene anandithandiza anali ejenti. Ndisanamupatse kalikonse ndinapita ku ofesi ya kampaniyo kukafunsa ngati akumudziwa, popeza makampani a inshuwalansi, mabuloka ndi maejenti amayenera kukhala ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank. Ndalama ndinaganiza zodzalipira mu akaunti ya kampani, osati m'manja mwa munthu.

16 Malichi 2024: woyendera wabwera

Anatumiza munthu kudzaona chigayo. Anakhala ola limodzi ndi theka, anajambula zithunzi, analemba manambala a pa timbale ta mota zonse ziwiri. Anaima nthawi yaitali pa bokosi la magetsi, pamene waya wina unali wolumikizidwa ndi tepi, fumbi la ufa litakuta chilichonse. Anapaka chala pa bokosilo n'kundionetsa. "Akulu, ufa uwu umayaka," anatero.

Anandisiyira zoyenera kukonza asanavomere:

Kachipangizo kozimitsa mota fezi ikasowa, pamodzi ndi mmisiri wokaika pa makina onse awiri, K185,000. Kukonza mawaya ndi bokosi latsopano lotseka, K140,000. Zozimitsira moto ziwiri zaufa, za makilogalamu 9, K130,000. Zitsulo za pazenera ndi loko wachiwiri pachitseko, K95,000. Mlonda wausiku, amene tagwirizana kugawana malipiro ake ndi eni mashopu awiri oyandikana nane.

Zonse K550,000. Thumba la makina linali ndi K148,000 yokha. Mayi a kunyumba anatenga ngongole ya K250,000 ku banki mkhonde yawo, yotsalayo ndinachotsa pa madeya ndi malipiro anga. Kachipangizo ka fezi kaja kakanakhalapo mu Novembala, mota siikanapsa. Pa zonse zimene ndagula chaka chino, ndi kameneka kamene ndingauze mwini chigayo aliyense kuti agule mawa, kaya ali ndi inshuwalansi kaya alibe.

5 Epulo 2024: ndalipira, koma ndalakwitsa chinthu chimodzi

Mvula yavuta chaka chino. Pa 23 Malichi Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Pachigayo zikuoneka: anthu akubwera ndi timabeseni m'malo mwa ndowa, ndipo masiku ena sitikwanitsa ndowa 20.

Ndi mtima umenewo ndinakhala pansi kudzaza fomu. Pamalo olemba mtengo wa makina ndinalemba K6 miliyoni, ndalama imene ndinagulira mu 2021. Ejenti anandifunsa kawiri ngati makinawo ndingawapezenso pa mtengo umenewo lero. Ndinadziwa kuti ayi. Anandiwerengera kuti ndikalemba K10 miliyoni ndizilipira cha pa K500,000 pachaka, ndikalemba K6 miliyoni ndilipira K318,000. Ndinasankha yochepayo. Ndinkaganiza kuti makina onse sangawonongeke tsiku limodzi, ndiye K6 miliyoni ikwanira pa chilichonse chimene chingachitike. Nyumba ndinailemba K8 miliyoni.

Ndalipira K318,000 kubanki, lisiti ndi mapepala a polise, mgwirizano wa inshuwalansiwo, ndaika m'fayilo kunyumba, osati kuchigayo kumene kungapse.

29 Juni 2024

Nyengo yokolola yatithandiza pang'ono, ngakhale sizinafike pa chaka chatha. Tikugaya ndowa 45 mpaka 55 patsiku. Ndakweza mtengo kufika K1,000 kugaya, K1,200 kukonola, thumba la makina K150 pa ndowa. Ngongole ya banki mkhonde tabweza yonse. Kachipangizo ka fezi kazimitsa mota maulendo anayi mwezi uno.

Malipiro a anyamata ndawafikitsa pa K90,000 aliyense, ndalama yochepetsetsa imene boma linakhazikitsa mu Febuluwale. Tsopano amasaina m'kope akalandira.

19 Ogasiti 2024: atiboolera khoma

Usiku wa Lamlungu akuba anaboola khoma lakumbuyo, mbali yoyang'ana kumunda. Njerwa anazichotsa imodziimodzi n'kuzisanja pambali, bowo lake loti munthu n'kudutsa chokwawa. Anamasula mota ya chokonolera, anadula waya wonenepa wochokera ku bokosi, anatenganso sitata, kabokosi koyatsira mota. Mlonda anamangidwa manja ndi chingwe kuseri kwa shopu yoyandikana nayo. Sanamuvulaze, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa chimenecho.

Ndilemba zimene ndinachita m'mawa umenewo, chifukwa ndinazitenga pa pepala la polise limene ndinali nditawerenga kale. Sindinalole aliyense kukhudza bowolo. Ndinajambula zithunzi ndi foni, bowo, mabawuti otsala pamalo pa mota, waya wodulidwa. Ndinapita kupolisi ndi mlonda kukapereka lipoti. Ndinaimbira ejenti nthawi ya 9 koloko, kenako ndinatumizanso uthenga wolemba pa WhatsApp kuti pakhale umboni wa tsiku ndi nthawi imene ndinawadziwitsa. Khoma ndinatseka ndi malata mpaka munthu wawo atabwera kudzaona Lachinayi.

Anafuna lipoti la apolisi, malisiti ogulira makina, mitengo yolembedwa yochokera m'mashopu awiri, ndi umboni wakuti mlonda analipo usikuwo. Umboni wa mlonda unapezeka m'kope, mmene amasaina malipiro ake mwezi ndi mwezi. Lisiti la mota ya chokonolera linali litafufutika, zilembo zosaoneka, koma nambala ya pa kambale kake inali m'zithunzi za woyendera uja wa mu Malichi. Kuyambira tsiku limenelo lisiti lililonse ndimalijambula ndi foni tsiku lomwelo.

27 Seputembala 2024: kalata ya malipiro

Kalata yabwera, ndipo ndaiwerenga kangapo.

Avomereza kuti zobedwa ndi za K2,500,000. Koma woyesa chiwonongeko wawerengera makina onse a m'chigayo pa mitengo ya lero n'kupeza K10 miliyoni, pamene ine ndinalemba K6 miliyoni. Lamulo la mu polise limene amalitcha average likuti ngati wateteza magawo 6 okha mwa magawo 10 a mtengo wa katundu wako, iwonso alipira magawo 6 mwa 10 a chiwonongeko chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono. Magawo anayi otsalawo amatenga kuti unadziteteza wekha. Ndiye K2,500,000 yatsika kufika K1,500,000. Achotsapo excess, K150,000. Yotsala K1,350,000.

Tsiku loyamba ndinakwiya, ndinaimba foni mawu ali pamwamba. Ejenti anandiuza modekha kuti, "Bambo, tsegulani tsamba lachinayi." Ndimeyo inalipodi, ndipo iye anandichenjeza mu Epulo. Ndinapulumutsa K182,000 pa fomu ija, ndataya K1,000,000 pa kalata iyi. Maganizo anga akuti makina onse sangawonongeke limodzi anali olakwika chifukwa sayang'ana kukula kwa chiwonongeko kokha, amayang'ana mtengo wa zonse zimene zili pa polise.

Ndiyenera kunenanso mbali inayo. K1,350,000 imeneyo ndi ndalama imene ndikanakaifuna kwa katapila. Thumba la makina linali litafika K610,000. Kuphatikiza ziwirizi, ndi K240,000 ya madeya, ndapeza mota yogwirapo kale ntchito koma yabwino, waya ndi sitata pa K2,200,000. Palibe chiweto chagulitsidwa, palibe thumba la chakudya latuluka m'nyumba.

Chokonolera chinaima masabata asanu ndi limodzi, ndipo ndalama zimene chikanapanga masiku amenewo palibe wandibwezera. Ilipo inshuwalansi ya phindu lotayika bizinesi ikaima, koma imayendera limodzi ndi ya moto kapena ya makina ndipo imafuna mabuku oonetsa bwino phindu. Ndidzafunsa kope langa likakwanitsa zaka ziwiri.

11 Okutobala 2024: kukonza polise pakati pa chaka

Sindinadikire Epulo. Ndinayenda m'mashopu atatu a makina ku Lilongwe, ndinalembetsa mitengo ya chogayira, chokonolera, mota ziwiri ndi masitata, ndipo ndinapempha kuti mtengo wa makina pa polise ukwere kufika K11 miliyoni. Anandilipiritsa K112,000 ya miyezi yotsalayi. Ndinaphunziranso kuti akakulipira, ndalama yotetezera imatsika ndi zimene akulipirazo mpaka utalipira pang'ono kuti ibwerere pamene inali. Mota yatsopanoyo ndapereka nambala yake kuti ilembedwe.

Khoma lakumbuyo tamanga lanjerwa ziwiri ndi simenti, m'munsi taika mawaya azitsulo, K210,000. Mabawuti a mota zonse tawotcherera mitu yake. Mlonda tamugulira wezulo ndi tochi, ndipo usiku amazungulira kumbuyo, osangokhala pakhonde.

7 Disembala 2024: chala cha mnyamata

Mnyamata wamng'ono uja anafuna kubwezeretsa lamba makina asanaimiretu, lamba n'kumukanikiza chala chapakati. Sichinaduke, koma anasokedwa, wakhala kunyumba masabata atatu. Malipiro ake ndamupatsa onse, kuchipatala ndi mayendedwe K85,000.

Polise yanga siikhudza antchito. Ku ofesi ya zantchito ya boma anandifotokozera kuti malinga ndi lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito, Workers' Compensation Act la mu 2000, munthu akavulala pantchito udindo uli kwa womulemba ntchito, ndipo ngoziyo iyenera kukanenedwa ku ofesiyo. Chikanakhala kuti dzanja lapita, ndalama yake ikanachokera m'thumba mwanga. Ndinakanena, fomu tinadzaza. Wowotcherera wapanga zotchingira malamba pa makina onse awiri, K75,000. Zimenezi ndinayenera kupangitsa mu 2021, ndipo zimandipweteka kuti ndadikira mpaka mwana wa eni atavulala.

4 Epulo 2025: chaka chachiwiri

Ndapitanso m'mashopu aja. Mitengo yakweranso, makina tsopano akukwana K13.5 miliyoni, ndipo ndalemba ndalama yomweyo osachotsako. Nyumba ndaikweza kufika K11 miliyoni nditafunsa mmisiri womanga mtengo wa simenti, malata ndi matabwa lero. Ndawonjezera inshuwalansi ya antchito atatu, anyamata awiri ndi gawo langa la mlonda. Zonse pamodzi K742,000. Avomera kuti ndilipire kawiri, theka lero, theka pa 4 Meyi, ndipo ndawauza alembe papepala kuti chitetezo chayamba lero.

Ndalamayi sinandidzidzimutse ngati chaka chatha, chifukwa kuchokera mu Novembala ndakhala ndikupatula K60,000 mwezi uliwonse pa akaunti ya kubanki, padera pa thumba la makina. Thumbalo lili ndi K455,000. Simu ya chigayo ndaisiya m'manja mwa mayi a kunyumba, ndiwo amatumiza ndalama madzulo ndi kufananitsa ndi kope Loweruka lililonse.

Zotsala m'mwezi uno: kudzazitsanso zozimitsira moto, masiku ake atha pa 16 Malichi ndipo polise imafuna kuti zikhale zogwira ntchito, kusintha mabering'i a chogayira chimanga chatsopano chisanayambe kubwera, ndi kukafunsa za penshoni ya anyamatawa, imene lamulo limati wolemba ntchito aziikapo 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ulendo wa ku Lilongwe ndaukonza Lachiwiri likubwerali.